Kagalu Kolira Usiku: Momwe Mungakathandizire Kugona Mpaka Kucha

Kagalu ka masabata 8 kamagona maola 18 mpaka 20 pa tsiku. Amene wangotenga kumene kagalu sangakhulupirire zimenezi, chifukwa usiku woyamba pakhomo patsopano kamakhala ngati tulo sikatidziwa n'komwe. Kamalira, kamakanda chitseko, kamauwa ndi timawu tosasa, mwini wake n'kudzuka m'mawa maso ali psuu. Tulo kali nato tambiri ndithu, kungoti kamagona moduladula, masana ndi usiku chimodzimodzi, ndipo kakadzidzimuka pakati pa usiku kamapeza kali kokhakokha mumdima.

Musaganize kuti kakuchita mwano. Kulirako kumachokera pa zinthu ziwiri. Chibadwire, kagaluko sikanagonepo kokha. Kakhala kakugona mounjikana ndi abale ake, kakumva kutentha kwa mayi wake ndi kupuma kwa anzake, ndiye tsiku limodzi zonsezo zachoka nthawi imodzi. Chinanso, chikhodzodzo chake n'chaching'ono ndipo minofu yogwira mkodzo sinakhwime. Mantha ndi mkodzo, basi. Ntchito yanu ndi kuchotsa manthawo ndi kuyendera limodzi ndi chikhodzodzocho mpaka chitakula.

Pogona pakonzedwe kagalu kasanafike

Pezani khola laling'ono lotsekeka, la waya kapena la pulasitiki, loti mutha kulinyamula n'kuliika m'chipinda. Ngati mulibe, bokosi lolimba lotseguka pamwamba, lalitali moti kagaluko sikangalumphe, lingakugwirireni ntchito masabata oyambirira, ngakhale katoni sichedwa kunyowa ndi kung'ambidwa.

Kukula kwa kholalo n'kofunika kuposa kukongola kwake. Kagalu kazitha kuimirira osagunda mutu, kutembenuka, ndi kugona motambasula miyendo. Lisakule kupitirira pamenepo. Galu mwachibadwa sakonda kuipitsa malo amene amagona, ndipo chibadwa chimenechi ndi chimene chimachititsa kuti kagalu kakulirireni kakamva mkodzo m'malo mongokodza pomwepo. Khola likakula kwambiri, kamagona mbali ina n'kusandutsa mbali inayo chimbudzi. Ngati munagula lalikulu poganizira za m'tsogolo, litchingeni pakati ndi thabwa kapena waya, muzisuntha chotchingacho kagalu kakamakula.

Mkati ikani bulangete lakale kapena thaulo losavuta kuchapa. Potenga kagaluko, pemphani kansalu kamene kanali pogona mayi wake, kapena pitani ndi kansalu kanu mukapukutire mayiyo ndi ana enawo. Galu amazindikira dziko ndi mphuno, ndipo fungo lodziwika limakhazika mtima pansi kuposa mawu anu, amene kagaluko sikanawazolowere. Kukamazizira, thirani madzi ofunda, osati otentha, m'botolo lotseka bwino, mulikulunge m'thaulo n'kuliika pakona. Mudzaona kakulitsamira, chibwano chili pamwamba pake. Kukamatentha botolo musaike, ndipo muonetsetse kuti mphepo ikudutsa. Mungafunditse nsalu pamwamba ndi m'mbali mwa khola kuti mukhale kamdima, koma mbali imodzi izikhala yotseguka. Lamba wa m'khosi muzimuvula kagalu kakamalowa m'khola, chifukwa angakole pa waya n'kukapotokola khosi inu muli m'tulo.

Kholalo liikeni pafupi ndi bedi lanu, poti mutha kutsitsa mkono n'kulikhudza. Apa ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amati kagalu katsekeredwe kutali kuyambira tsiku loyamba, kalire mpaka katope, kuti kazolowere. N'zoona kuti kamatopa n'kukhala chete, koma chimene kaphunzira n'chakuti kukada palibe wobwera, ndipo ngati kamalirira mkodzo, m'mawa mukapeza katadzinyowetsa. Kagalu kamene kakumva kupuma kwanu sikalira nthawi yaitali, ndipo inunso mumamva msanga kakayamba kutakataka. Sikuti kadzagona m'chipinda chanu mpaka kalekale ayi. Za kusamutsa khola tikambirana kumapeto. Ngati simulola galu m'chipinda chogona, ndiye inuyo yalani matiresi pafupi ndi khola masiku oyambirira.

Kagalu kasalione khola koyamba pa nthawi yogona. Masana lisiyeni lotsegula, muponyemo tizidutswa ta chakudya kuti kazilowa kokha n'kutuluka. Chakudya chake muzikapatsira momwemo. Kakayamba kulowa mosakayika, tsekani chitseko kali pakudya, n'kutsegula kasanayambe kudandaula. Kakawodzera penapake masana, kanyamuleni mwakachetechete mukakagoneke m'kholamo. Ndipo musadzalisandutse ndende yotsekeramo kagalu kakalakwa. Malo olangirako sangakhalenso malo opumulirako.

Masana ndi madzulo

Usiku wabwino umayambira masana. Kagalu ka masabata 8 mpaka 12 kazidya kanayi pa tsiku, ndipo kuyambira miyezi 3 mpaka 6 katatu n'kokwanira. Nthawi yodyera isamasinthesinthe, chifukwa cholowa pa nthawi yake chimatulukanso pa nthawi yake, ndipo mukatero mumayamba kudziwa ola limene kamafuna chimbudzi. Chakudya chomaliza chikhale maola 3 nthawi yogona isanakwane: ngati mumagona 10 koloko, kadye cha m'ma 7 koloko. Tiagalu ta mitundu ing'onoing'ono kwambiri n'tosiyana pang'ono, chifukwa shuga wa m'magazi mwake amatsika msanga tikakhala nthawi yaitali tosadya. Timeneti tipatseni kachakudya kochepa pafupi ndi nthawi yogona, ngakhale zitanthauze kudzuka kamodzi kowonjezera.

Madzi azikhalapo tsiku lonse. Mutha kuchotsa mbale kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti mugone, koma osatero kukamatentha kapena kagalu kakamatsegula m'mimba. Bola kudzuka usiku kusiyana ndi kukamana madzi.

Pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Amaganiza kuti akakatopetsa kwambiri masana, usiku kagona tulo tofa nato. Kagalu kotopa mopyola muyezo kamakhala ngati khanda limene lalephera kugona masana: m'malo mogona, kamavuta. Madzulo kamayamba kuthamanga mozungulira nyumba ngati kazunguzika mutu, kuluma akakolo, kukoka nsalu, osamva chilichonse. Mukaona zimenezi musawonjezere masewera, tulo takapweteka. Pa msinkhu umenewu tiagalu tambiri timakhala maso pafupifupi ola limodzi, kenako timafuna kugona ola limodzi kapena awiri. Lolani kuti zizitero masana onse, ndipo ana a pakhomo auzidwe kuti kagalu kogona sakadzutsa.

Chofunika kupewa ndi tulo tatitali ta madzulo. Kagalu kakagona pamapazi panu kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko, pamene inu mukukagona iko ndiye kwakachera. Chakumadzulo seweretsani kagaluko: kukokerana chingwe, kuthamangitsa mpira, kukaphunzitsa kubwera mukakaitana dzina, mphindi 10 kapena 15 basi. Mwazaninso tizakudya pansi kuti kazifufuza ndi mphuno. Kununkhiza kumatopetsa galu bwino kwambiri popanda kumutenthetsa magazi. Koma ola lomaliza likhale lofatsa. Chepetsani kuwala ndi phokoso, mukapatse choseweretsa cholimba choti kazikukuta kali chigonere.

Ulendo womaliza wa panja

Musanazimitse nyale, tulukani nako. Musangotsegula chitseko n'kukasiya kapite kokha, chifukwa kakhala pakhomo kudikira inu, kenako n'kudzakodza m'nyumba. Pitani nako pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, mutakamanga chingwe kuti kasayambe kuyendayenda. Imani phee. Mudzaona kakuika mphuno pansi, kakuzungulira kawiri katatu, kenako n'kunjuta. Pamene kakukodza nenani mawu amodzi amene mwasankha, monga "kodza", motsitsa, ndipo kakangomaliza kayamikireni pomwepo. Pakapita masabata angapo mawuwo paokha amayamba kukakumbutsa chimene mwatulukira, ndipo adzakupulumutsani usiku wa mvula.

Musathamangire kulowa kakangokodza. Tiagalu nthawi zambiri sitimaliza ulendo umodzi. Kamakodza pang'ono, kenako tsamba likagwedera kamaiwala. Dikirani mphindi zina zochepa, mwina kakodzanso kapena kuchita chimbudzi.

Malo amenewa akhale oti agalu ena safikapo. Katemera woyamba amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakadutsa masabata 3 kapena 4 mpaka kagalu katafika masabata 16, ndipo kasanamalize kali pachiopsezo cha matenda oopsa a m'mimba otchedwa parvo, amene kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Mukalowa, molunjika kukhola. Kachidutswa kamodzi ka chakudya, mawu amodzi ofatsa, tsekani, zimitsani nyale. Muzichita zomwezo, mu ndondomeko yomweyo, pa nthawi yomweyo. Galu sawerenga wotchi, koma amagwira msanga kuti chakuti chikachitika chotsatira n'chakuti.

Usiku woyamba ndi wachiwiri kalira ndithu, ngakhale mwachita zonse bwino. Popeza mukudziwa kuti kangokodza kumene, kulira kumeneku n'kwa kusungulumwa. Musakatulutse. Tsitsani mkono, lowetsani zala pa waya. Kadzazinunkhiza, kuzinyambita, mwina kuziluma pang'ono, kenako mudzamva kakuzungulira pabulangete, n'kugwa khu, n'kuusa moyo. Musalankhule zambiri, "gona" mmodzi wapansipansi akwanira. Kukalipa ndi kumenya khola kumangowonjezera mantha amene mukufuna kuchotsa.

Kudzuka pakati pa usiku

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo palibe njira yachidule. Osunga agalu ali ndi kawerengedwe kosavuta: kagalu kamagwira mkodzo pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Ka miyezi 2 maola 2, ka miyezi 3 maola 3. Usiku kamapitirirako chifukwa thupi likagona limapanga mkodzo wochepa, choncho ka masabata 8 kangathe maola 3 kapena 4. Mulimonsemo, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa sikangafike. Mudzuka kamodzi kapena kawiri.

Ine ndimalimbikitsa kutchera alamu m'malo modikira kulira. Mukadzuka inu poyamba, kagalu sikaphunzira kuti chitseko chimatseguka ndi phokoso. Ngati mwagona 10 koloko, tcherani 1 koloko kapena 2 koloko, ndipo masiku oyambirira mutcherenso ina cha m'ma 4 kapena 5 koloko. Nsapato, tochi ndi chingwe muziziika pamodzi pafupi ndi bedi musanagone, chifukwa kagalu kakadzuka sikadikira kuti mufufuze makiyi.

Alamu ikalira, musayatse nyale zowala. Tsegulani khola, kanyamuleni m'manja mpaka panja. Kunyamula n'kofunika: kakatsika pansi kamanjuta pakhonde kapena pamkeka, koma kali m'manja kamagwira. Katsitseni pamalo paja, nenani mawu aja, dikirani. Kakamaliza, kayamikireni motsitsa mawu, n'kubwerera nako kukhola. Osasewera, osakapatsa chakudya, osacheza nako. Kakayamba kuluma chingwe kapena kudumphira miyendo yanu, imani ngati simukuona. Mphindi 5 zikatha kasanachite kanthu, bwererani. Ulendo wa usiku uyenera kukhala wosasangalatsa, moti kagalu kaone kuti palibe chodzukira kupatula mkodzo. Kunena zoona, kamakhala kokongola kwambiri nthawi imeneyo, kofunda, maso ali lendee, ndipo mtima umafuna kukakumbatira pang'ono. Sungani zimenezo mpaka m'mawa.

Pakadutsa masiku atatu kapena anayi khola lili louma, ndipo mukamakapeza kali m'tulo alamu ikalira, sunthani alamuyo ndi mphindi 15 mpaka 30 kupita kutsogolo. Pitirizani choncho pang'onopang'ono mpaka ulendo wa usiku utakumana ndi nthawi yodzukira. Mukapeza bulangete lanyowa, ndiye kuti mwafulumira. Bwererani pa nthawi yakale masiku angapo.

Nanga kakalira alamu isanakwane? Yang'anani wotchi. Ngati kagona maola awiri kapena atatu n'kudzuka mwadzidzidzi, kakuzungulirazungulira ndi kukanda chitseko, ndi mkodzo umenewo, katulutseni msanga. Ngati mwangobwera nako kumene, ndi kufuna kucheza. Zala pa waya, basi. Mukakayika, katulutseni mwa njira yosasangalatsa ija, palibe chimene mwataya. Ngati n'kotheka, tsegulani pa kamphindi kamene kakhala chete kuti kapume, osati kulira kuli pakati.

Dziwaninso ichi. Ngati poyamba munkakatengera pabedi kakalira, tsiku limene mudzasiye kulirako kudzakula kusanathe. Kamayesa mwamphamvu chifukwa dzulo zinatheka. Mukagonja pamenepo, mwakaphunzitsa kuti chofunika ndi kulira kwambiri. N'chifukwa chake onse a m'nyumba ayenera kugwirizana chimodzi. Wina akamatsekera wina n'kumatsegulira, kagalu kamasokonezeka ndipo nkhani imatalika.

Koma kudandaula n'kosiyana ndi mantha aakulu. Kagalu kakamatuluka dovu, kupuma mwawefuwefu, kuluma waya mpaka kudzipweteka, kapena kukuwa osalekeza, musakasiye. Katulutseni, kakhazikeni mtima pansi, ndipo mawa lake yambiraninso kukazoloweza khola masana, chitseko chili chotsegula. Pakadali pano kagone pamalo otchingidwa pafupi nanu.

Ngozi zidzachitika. Mukapeza kakodza kapena kachita chimbudzi m'khola, musakakalipire, ndipo musakanunkhizitse mkodzowo mokakamiza. Galu sagwirizanitsa chilango cha panopa ndi zimene anachita ola lapitalo; amangoyamba kukuopani, ndipo kenako amakabisala pofuna kukodza. Sinthani zofunda, tsukani khola bwinobwino mpaka fungo lithe. Pewani mankhwala otsukira okhala ndi amoniya, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limakaitanira pomwepo. Alipo mankhwala opangidwira kuchotsa fungo la mkodzo wa ziweto, amenewo ndiye abwino.

Kagalu kolawirira

Tiagalu tina timagona bwino usiku wonse koma 5 koloko ikangokwana tayamba. Katulutseni kakakodze, kenako kabwezereni m'khola ndi choseweretsa chokukuta, inu n'kubwerera pabedi. Chakudya cham'mawa chisabwere kakangodzuka. Mukakapatsa 5 koloko lero, mawa kadzakudzutsani nthawi isanakwane n'komwe. Dzukani pa nthawi yanu, chitani zina kaye, ndiye mukapatse. Ngati chikukadzutsa ndi kuwala kwa m'bandakucha, tsekani makatani kapena funditsani mbali ya khola yoyang'ana kuwindo.

Pamene vuto lili m'thupi

Kagalu kamene kanayamba kugona bwino kenako n'kusintha mwadzidzidzi, kayang'anitsitseni musanaganize za khalidwe. Utitiri umakasowetsa mtendere usiku. Patulani ubweya pamimba ndi patsinde pa mchira, mukaona tinthu takuda ngati fumbi ndiye kuti ulipo. Njoka za m'mimba zimatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba, n'chifukwa chake tiagalu timapatsidwa mankhwala a njoka masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Kukodza pafupipafupi timadontho, kudzikakamiza pokodza, kapena mkodzo wa magazi, zingasonyeze matenda a m'chikhodzodzo, ndipo pamenepo alamu singathandize kanthu.

Mano nawonso amavutitsa. Kagalu kamakhala ndi mano oyamba 28, amene amayamba kuguluka pa miyezi 3 kapena 4 kuti pamere okhalitsa 42, ndipo zimenezi zimatha cha pa miyezi 6 kapena 7. Nkhama zimayabwa ndi kupweteka. Nyowetsani kansalu koyera, mukaziziritse mufiriji, n'kukapatsa kuti kakukute madzulo inu mukuona. Kansaluko musakasiye m'khola usiku, kagalu kangameze zidutswa.

Kusanza mobwerezabwereza, kutsegula m'mimba kwa magazi, kukana chakudya ndi kufooka, izi si zodikira kuti kuche kawiri. Thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa kagalu kakang'ono kamatha madzi m'thupi mofulumira kwambiri. Ndipo chonde, musakapatse mankhwala a anthu kuti kagone kapena kuti ululu uthe. Ibuprofen ndi paracetamol angathe kupha kagalu, ndipo mapiritsi ogonetsa ndi oopsanso. Mankhwala alionse achokere kwa dokotala.

Kusamutsa khola

Tiagalu tambiri timayamba kugona usiku wonse tikafika masabata 16, kutanthauza pafupifupi miyezi 4. Tina timafulumira, ndipo ta mitundu ing'onoing'ono timachedwerapo chifukwa zikhodzodzo zake n'zazing'ono kwambiri. Musayerekeze kanu ndi ka mnzanu.

Kakagona mpaka kucha sabata yathunthu kapena awiri, khola lili louma, mutha kuyamba kulisuntha ngati simufuna kuti kazigona m'chipinda chanu. Musalichotse kamodzin'kamodzi. Liikeni kaye kumiyendo kwa bedi masiku awiri kapena atatu, kenako pafupi ndi chitseko, kenako kunja kwa chitseko chili chotsegula, mpaka litafika pamalo amene mwasankha. Zofunda zikhale zomwezo, nthawi yogona yomweyo, ulendo womaliza wa panja womwewo. Pamalo atsopanowo pakhale potetezeka ku mphepo, mvula ndi dzuwa la m'mawa, komanso poti mutha kumva kakalira. Kakayambiranso kudzuka, kaya chifukwa cha kusamukako, alendo, ulendo kapena kudwala, bwezerani khola pamene linali ndi alamu pa nthawi yake yakale kwa masiku angapo, kenako muyambirenso kusuntha.